Amalume Atasiya Kugogoda

1. Nyumba ya makina awiri

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri, Wailesi anapeza ntchito yatsopano pakhomo pawo. Dzina lakuti Wailesi silinali lobadwa nalo ayi. Anamupatsa ndi amayi ake aang'ono, chifukwa mtsikanayu ndiye ankawerengera anthu onse m'nyumbamo mauthenga a pa foni. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kumpanda.

Amayi ake anali telala. Amayi aang'ono nawonso anali telala. Makina awo awiri anali pabalaza, pafupi ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Kale ankasoka mayunifomu ndi madiresi, koma masiku amenewo aliyense ankafuna masiki. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka makinawo ankangolira, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi.

Munthu akamasoka sayang'ana kumbali, apo ayi asoka chala chake. N'chifukwa chake ntchito yowerenga inagwera Wailesi. Ankakhala pa kampando pakati pa makina awiriwo, sizasi m'manja, lastiki pamiyendo, foni pabondo.

"Kuno ndi ku wailesi ya pabalaza," ankayamba motero m'mawa uliwonse atakweza mphuno. "Nazi nkhani."

"Chepetsako voliyumu, iwe," ankatero amayi aang'ono. "Anthu oyenda mumsewu sanalipire."

Masikuwo sanali oipa onse. Ntchito inalipo, chakudya chinalipo, ndipo atatuwo ankaseka kwambiri. Wailesi anali ataphunzira kudula lastiki wofanana popanda kuyeza, ndipo amayi ake ankamuyamikira pamaso pa makasitomala.

Koma m'nyumbamo munali anthu anayi. Kumbuyo kwa makina kunali khoma la matabwa, ndipo kuseri kwa khomalo kunali chipinda cha amalume.

Amalume anali mchimwene wawo wa amayi, ndipo ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Anali munthu wa makutu akuthwa. Makina akayamba kudwala, iwo ankadziwa mwini wake asanadziwe. Popeza chipinda chawo chinalinso malo ogwirira ntchito, banjali linali ndi chizolowezi cha zaka zambiri. Amalume akamva phokoso lachilendo ankagogoda khoma. Kamodzi kunali kunena kuti, thirani oyilo. Kawiri, sinthani singano. Katatu, siyani kupalasa, ndikubwera.

Kenako amalumewo anadwala matenda a mliriwo, ndipo anagonekedwa kuchipatala milungu iwiri. Tsiku limene anatuluka onse analira ndi chimwemwe, koma analirira patali. Amayi anawalowetsa m'chipinda chawo, anaika kasitulu pakhomo kosiyapo chakudya, ndipo anamanga ulusi wofiira pa chogwirira cha kapu yawo kuti isasakanikirane ndi makapu ena. Pepala limene anabwera nalo kuchipatala analinyamula ndi zala ziwiri, kuliika m'thumba la pulasitiki, kumanga mfundo, n'kulipachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Palibe amene analiwerenga. Linachokera ku wodi, ndipo aliyense ankaopa kuligwira.

Nkhani ino ikuyamba patatha milungu isanu chichitikireni zimenezi.

2. Mwamva

Mauthenga ambiri a pa foni ankachokera kwa mnzake wa m'kalasi wa Wailesi, mtsikana amene onse ankamutchula kuti Mwamva, popeza uthenga wake uliwonse unkayamba ndi mawu amenewo. Ankakhala tsidya lina la msewu, m'nyumba yoyang'anizana ndi zenera la makina lija.

Lachiwiri m'mawa Wailesi anakonza kukhosi n'kuyamba kuwerenga.

"Mwamva? Akuti munthu akadwala matendawa, ngakhale achire, kachilombo sikachoka. Kamabisala m'mapapo mpaka kalekale. Akuti bambo wina anachira, anabwerera kunyumba, banja lake lonse linatha. Tumizirani anthu khumi amene mumawakonda."

"Akutero ndani?" anafunsa amayi aang'ono, singano ili pakamwa.

"Sanalembe."

"Tsiku lililonse a Akuti, a Akuti. Bambo amenewa sagona, eti? Amakhala kuti, tidzawasokere masiki?"

Wailesi anaseka. Amayi sanaseke. Anayang'ana khoma la matabwa pang'ono, n'kupitiriza kupalasa. Uthenga wa mtundu umenewu sunali woyamba.

Posakhalitsa makina a amayi aang'ono anayamba kulira ngati muli timiyala. Ulusi unaduka. Anaulowetsanso, anapalasa, unadukanso. Msoko unkatuluka wodumphadumpha ngati mano a mwana amene akugweluka.

"Makina awa andikwana!" anatero akumenya tebulo. "Lero ndi tsiku lachinayi. Oyilo ndathira. Singano ndasintha zitatu. Akufunanso chiyani, tiyi?"

Wailesi anasiya kudula lastiki. Anatchera khutu kukhoma. Kunali zii.

Milungu yoyambirira amalume atabwera kuchipatala ankagogodabe. Kugogoda kwake kunali kofooka, koma kunalipo. Tsopano makina anali atalira moipa masiku anayi athunthu, phokoso loti ngakhale wodutsa mumsewu akanalimva, koma khoma silinayankhe ngakhale kamodzi.

Masana Wailesi anapita kukatenga mbale pa kasitulu. Chakudya chinali chitangolawidwa m'mbali. Tiyi wa m'mawa anali atazizira m'kapu ya ulusi wofiira.

"Malume?"

"Ndili bwino," anayankha mawu otsika kuseri kwa chitseko.

Basi. Amalume a kale akanafunsa ngati wailesi yawo ili ndi batani lozimitsira.

Wailesi anapeza amayi ake kukhitchini, n'kuwaonetsa mbaleyo. Anawauzanso za khoma. Kenako anafunsa ngati angalowe m'chipindamo kukacheza nawo pang'ono.

Amayi anapukuta m'manja, nakoka mpando.

"Khala pansi undimvere, mwana wanga. Tsiku limene ankawanyamula amalume ako iwe sunaone, ndinakutsekera kuchipinda dala. Ine ndinaona. Munthu wamphamvu uja, amene amanyamula makina yekha paphewa, ankalephera kukoka mpweya ngati wina wamukhalira pachifuwa. Ndinati mumtima mwanga, mwana wanga asadzaone zimenezi, ndipo asadzazimve m'thupi mwake. Usaganize kuti ndawataya achimwene anga. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kulowetsa ulusi pa singano ndili wamng'ono kuposa iwe. Chakudya chawo ndimaphika ndekha, zovala zawo ndimachapa ndekha. Koma ndili ndi iwe mmodzi yekha. Matendawa ndi achilendo. Wamva wekha zimene wawerenga lero. Kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, ine sindingayesere pa iwe. Chakudya uziika pa kasitulu, uziwauza kuti chafika, uzichoka. Kukhala chete kwawoko ndi kufooka chabe. Akapeza mphamvu adzayankhula."

"Ndamva, amayi," anatero Wailesi. Sanali mwana wokonda kutsutsa.

3. Pakhonde pa a Nesi

Madzulo a tsiku lomwelo Wailesi anatumidwa kukapereka masiki kwa a Nesi, mayi wachikulire amene ankakhala kumapeto kwa msewu wawo. Mayiyu anagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu, ndipo tsopano anali atapuma, akusamala maluwa ake obzala m'zitini. Pakhonde pake panali mipando iwiri yotalikirana, wina wake, wina wa alendo.

"Khala uko, Wailesi. Makaniko wathu ali bwanji? Makina anga akale aja akumuyembekeza."

Wailesi anafuna kuyankha kuti ali bwino. Koma mawu ena anatuluka okha, ndipo anafotokoza zonse: kasitulu, mbale yobwerera yodzaza, ndi khoma losagogoda.

A Nesi anaika pansi kachitini kothirira maluwa.

"Anatuluka liti kuchipatala?"

"Patha milungu isanu."

"Akutenthabe thupi?"

"Ayi. Amayi amawafunsa m'mawa uliwonse."

"Nanga pepala limene anapatsidwa likuti chiyani?"

Wailesi anayang'ana zala zake. "Sitinaliwerenge. Lili pa msomali, m'pulasitiki."

A Nesi anaomba m'manja kamodzi. Anaseka, koma osati monyoza.

"Koma abale inu! Nyumba ili ndi wailesi yakeyake, koma kalata ya dokotala ikulendewera pa msomali ngati chipewa. Tamvera, mwanawe. Matendawa ndi enieni, ndipo amayi ako sanalakwe kuopa. Kusamba m'manja ndi sopo, kuvala masiki pagulu, kutsegula mazenera, kupatula wodwala, zonsezi n'zofunika ndipo zapulumutsa anthu. Koma kupatula wodwala kuli ndi tsiku loyambira, kulinso ndi tsiku lothera. Munthu amapatsira anzake m'masiku amene matendawa ali pachimake. Akachira, masiku amene achipatala anamuuza n'kukwana, ndiye kuti zatha. Ndi munthu ngati iwe ndi ine. Ena amatsala ndi kufooka, ena amatopa msanga kwa miyezi, koma kufooka sikudumphira munthu wina. Pepalalonso, milungu isanu lili pa msomali, silingalume munthu.

"Tsono pali matenda ena amene saoneka pa makina oyezera. Munthu akakhala yekha nthawi yaitali, osaona nkhope ya mnzake, maganizo ake amadwala. Chakudya sichikoma. Tulo timavuta. Zinthu zimene ankazikonda amazisiya chimodzichimodzi, mpaka amayamba kudziona ngati katundu wolemetsa abale ake. Si ulesi umenewo, si misala, ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Ndi matenda, ndipo amachizika. Ine ndawaona pa anthu amphamvu kuposa amalume ako. Tsopano ndikufunse. Tsiku lonse m'chipindamo amalume ako amamva chiyani?"

"Makina."

"Makina okha?"

Wailesi anatsegula pakamwa, kenako anapagwira ndi dzanja. Khoma limene linkadutsitsa phokoso la singano yopindika silikanalephera kudutsitsa mawu omveka mpaka kumpanda.

"Amamva ine," anatero chapansipansi.

"Sindikukuweruza," anatero a Nesi. "Unkawerenga chifukwa unatumidwa, ndipo mnzako amene amakutumizira nayenso mwina ndi mantha amene amamuchititsa. Koma wowerenga nkhani ali ndi udindo. Uthenga wopanda mwini, wosanena kuti zinachitikira kuti ndiponso liti, womaliza ndi kukuuza kuti utumizire anthu khumi, uziyamba wauyeza usanautulutse pakamwa. Funsa achipatala. Funsa ine, ndili pompano. Chachiwiri, usakalowe m'chipindamo mozemba amayi ako. Ukazemba lero, mawa kasitulu kaja kabwerera pakhomo, ndipo amayi ako sadzakukhulupiriranso. Kawerengere onse pepalalo poyera. Likanena zosiyana ndi zanga, umvere pepala. Chomaliza, ndipo ichi usaiwale: ukadzamva amalume ako akunena kuti moyo wawakwana, usadzasunge chinsinsi ngakhale atakupempha. Uthamangire kuno nthawi yomweyo. Kuchipatala kuli anthu amene anaphunzira zothandiza maganizo, monga mmene ena anaphunzirira za mapapo."

Wailesi anathokoza. Atafika pageti, a Nesi anamuitananso.

"Lastiki wa masiki awa wadula ndiwe? Sakufinya makutu. Uli ndi diso labwino."

4. Nkhani za Lachitatu

M'mawa mwake makina anayamba kulira pa nthawi yake. Pa foni panali mauthenga atatu atsopano, onse ochokera kwa Mwamva.

"Yatsani wailesi," anatero amayi aang'ono. "A Akuti agona bwanji lero?"

Wailesi anayang'ana foniyo kanthawi. Kenako anaigoneka chafufumimba pa tebulo, n'kupita kukhitchini. Anabwera atanyamula thumba la pulasitiki lija.

Makina a amayi anaima.

"Ukutani nacho chimenecho?"

"Ndi nkhani ya lero, amayi. Dzulo ndinawafunsa a Nesi za amalume, sindikubisirani. Akuti tiyambe tawerenga ili. Mukakana ndikalibweza pa msomali, sindiliwerenga mobisa. Koma ndakuwerengerani mauthenga ambirimbiri opanda mwini. Ndikupempha ndiwerengeko limodzi lokha lokhala ndi mwini wake."

Amayi anayang'ana mng'ono wawo. Amayi aang'ono anakweza mapewa.

"Mwanayu akunena zoona, achemwali. A Akuti tawamvera mokwanira."

"Ukatha ukasambe m'manja," anatero amayi.

Wailesi anamasula mfundo. Pepalalo linali lopindidwa kanayi, ndipo pansi pake panali chidindo ndi siginecha. Sanakhale pa kampando kake. Anaimirira moyang'ana khoma la matabwa, n'kukweza mawu kuposa masiku onse.

"Kuno ndi ku wailesi ya pabalaza. Nayi kalata yochokera kuchipatala. Wodwalayu wachira ndipo watulutsidwa. Akhale m'chipinda chayekha masiku khumi kuyambira lero. Masiku amenewa akatha, ngati sakutentha thupi, angathe kudya, kucheza ndi kugwira ntchito yopepuka pamodzi ndi ena. Abale aonetsetse kuti akudya bwino, akutuluka kukaothera dzuwa, ndiponso sakukhala yekha nthawi yaitali. Akaoneka wokhumudwa kapena akamasowa tulo, bwerani naye kuno."

Amayi aang'ono anapita pa kalendala n'kuyamba kuwerenga ndi chala, milomo ikugwedezeka.

"Masiku makumi awiri ndi asanu," anatero potsiriza. "Apitirira ndi masiku makumi awiri ndi asanu."

Amayi anatambasula dzanja. Analigwira pepalalo, nthawi ino ndi dzanja lonse, n'kuyang'anitsitsa chidindocho.

"Ndiye kuti achimwene ndawatsekera pachabe?"

"Tonse, achemwali. Msomali uja ndinakhoma ndine."

"Nanga za bambo uja amene banja lake linatha?"

"Uthenga uja ulibe dzina, amayi," anatero Wailesi. "Sukunena kuti bamboyo ndani, kapena amakhala kuti. Ili lili ndi dzina la dokotala amene anawaona amalume ndi maso ake. Mundilole ndiwapititsire tiyi m'kati."

Amayi anaika pepalalo pa tebulo. Mantha a milungu yambiri sachoka ndi pepala limodzi. Anasisita nsalu imene inali pansi pa singano ngakhale inali yowongoka kale.

"Ukatsegule zenera," anatero.

5. Katatu

M'chipinda cha amalume munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa. Katani anali wotseka. Zitsulo zawo zogwirira ntchito zinali pa benchi, zitaphimbidwa ndi nsalu, ndipo pansaluyo panali fumbi. Amalume anali atakhala pabedi, ndevu zitamera thoo, malaya akulendewera m'mapewa.

"Bwerera, iwe! Ika pa kasitulu."

"Mwamva zimene ndawerenga, malume?"

"Ndamva. Za dzulonso ndinamva."

Wailesi sanabwerere. Anaika kapu pa benchi, anakoka katani, anatsegula zenera. Amalume anaphimba maso ndi mkono. Wailesi anakhala pa bokosi la zitsulo, manja pamaondo.

Nthunzi ya tiyi inayamba kuchepa. Kenako amalume anayamba kuyankhula, maso ali pansi.

"Ku wodi kuja ndinkawerenga masiku oti ndibwerere kuno. Bedi la kumanzere kwanga linasintha anthu atatu ine ndikuona. Ndinkati, ndikangomvanso makina a mlongo wanga ndiye kuti ndapulumuka. Adokotala anandiuza za masiku khumi aja, sindinaiwale. Tsiku lakhumi ndi chimodzi m'mawa ndinameta ndevu, ndinavala nsapato, ndinagwira chitseko icho. Ndiye ndinamva iwe ukuwerenga za munthu wochira amene anapatsira ana ake onse. Ndinati, kapena adokotala anangofuna kunditonthoza. Ndinavula nsapato. Mawa lake unawerenga zina, mkuja wake zina. Ndinayamba kudzifunsa kuti, munthu woopsa chonchi anachiriranji? Chakudya chinasiya kukoma. Si kuti amayi ako aiwala kuphika ayi."

Misozi inatsika m'masaya mwa Wailesi.

"Pepani, malume. Sindinaganize kuti mukumva."

"Khomali ndi matabwa chabe, mwana wa mlongo wanga. Koma usadzisenzetse wekha mlanduwu. Inenso pakamwa ndili napo, ndikanafunsa. Amayi akonso anachita zimene ankaganiza kuti zikuteteza iwe. Tonse tinaopa, ndipo aliyense anaopera payekha. Kulakwa kwake kunali kumeneko."

Wailesi anapukuta maso ndi msana wa dzanja, n'kuwapatsa kapu. Analandira. Anamwa pang'ono.

"Makina a amayi aang'ono mwawamva?"

Nkhope ya amalume inakwinyika ngati wina wawaponda chala.

"Ndingalephere bwanji? Shatulo ya ulusi wapansi yasuntha. Singano ikatsika, kambedza kokoka ulusi kakufika mochedwa. Amayi ako aang'ono akungomwetsa makina oyilo ngati akufuna kuwakazinga."

"Nanga bwanji simunagogode?"

"Ndikanagogoda kangati? Kamodzi, ndikananama, si oyilo. Kawiri, ndikananama, si singano. Vuto limenelo ndi la katatu." Anayang'ana khoma. "Ndipo katatu ndiye kuti ndikubwera. Ndikanabwera bwanji?"

Wailesi anaimirira n'kusuzumira pakhomo.

"Amayi aang'ono! Tapalasani makina anu!"

"Kuti atani? Akudula ulusi!"

"Palasani basi!"

Makina anayamba kulira, timiyala tija tikugubuduka m'kati mwake. Amalume anatsinzina. Anapirira pang'ono, nsagwada zitalimba. Kenako anaika kapu pansi, anakweza dzanja, n'kulifikitsa pa thabwa.

Go. Go.

Dzanja linaima m'malere.

Go.

Makina anaima nthawi yomweyo. Kuseri kwa khoma kunamveka mpando ukukokedwa, kenako mawu a amayi, omveka bwino.

"Tamva, achimwene. Bwerani."

6. Mbali ino ya khoma

Amalume anavala nsapato. Anatuluka pang'onopang'ono atagwira mphuthu ya chitseko, Wailesi ali pambuyo ndi kapu m'dzanja limodzi, sikuludalaiva m'dzanja lina. Podutsa, anakankhira kasitulu kaja kumbali ndi phazi.

Amayi aang'ono anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Maso awo anali atanyowa, koma pakamwa pawo sipanasinthe.

"Achimwene, ndevu zimenezi tizisokere masiki ya saizi yanji? Nsalu itikwanira?"

Amalume anaseka. Kuseka kwake kunali kwa dzimbiri, koma kunali kuseka.

Amayi anaimirira. Anawakokera mpando. Kenako anatenga kapu m'manja mwa Wailesi, anatola sizasi yawo yaikulu, n'kudula ulusi wofiira uja. Unagwera pansi pakati pa tizidutswa ta nsalu, ndipo palibe amene anautola.

Ntchito imene kale inkawatengera amalume mphindi khumi inawatengera ola lathunthu. Anali akadali ofooka. Kasikuluwu kanagwa kawiri, ndipo kawiri konse Wailesi anakapeza pansi pa chopondera. Koma atabweza shatulo m'malo mwake n'kuzungulitsa gudumu ndi dzanja, makina analira mosalala, msoko n'kutuluka wowongoka ngati wolemba ndi lula.

"Tsopano muwapumitse oyilo mwezi wathunthu," anatero amalume akupukuta zala. "Akhuta."

Masana anadyera pa tebulo limodzi anthu anayi. Amalume anangodya theka, ndipo ananena poyera kuti tulo takhala tikuwavuta kwa milungu itatu. Amayi sanabise nkhope. Anati mawa aitana a Nesi, ndipo akatero apita ndi amalume kuchipatala monga mmene pepala lanenera. Maganizo a munthu sachira tsiku limodzi, ndipo onse anayi ankadziwa zimenezo. Koma chitseko cha chipinda chija chinali chotsegula, ndipo mphepo inkalowa.

Dzuwa litapendeka amalume anakhala pa makina a amayi aang'ono, pafupi ndi zenera, akuyesa msoko pa masiki imodzi. Kuwala kunali pankhope pawo. Wailesi anabwerera pa kampando kake n'kuyamba kudula lastiki.

Foni inanjenjemera pa tebulo. Inanjenjemeranso, kenako kambirimbiri motsatizana.

Wailesi anaitembenuza. Uthengawo sunabwere kwa iye yekha. Unatumizidwa pa gulu la anthu onse a mumsewu wawo, kumene kunali makasitomala awo ambiri. Chinali chithunzi chojambulidwa kuchokera tsidya lina la msewu: zenera lawo, makina, ndi amalume atagwira masiki m'manja. Pansi pake panali mawu.

"Mwamva? Wodwala uja ndi amene akusoka masiki mukuvalawo. Tumizirani anthu khumi."

Anakweza maso. Kunja, mayi wina amene amabwera kudzatenga masiki Lachitatu lililonse anali atafika pageti. Anaima, anayang'ana foni yake, anayang'ana zenera, n'kutembenuka kubwerera kumene anachokera. M'nyumba ya tsidya lina katani anagwedezeka.

"Kwalowa chiyani?" anafunsa amayi, maso ali pa singano.

Amalume anatembenuka akumwetulira.

"Werenga, Wailesi, tonse timve. Lero ndili mbali ino ya khoma."